Tsiku Limene Gulupu Yathu Inati Zii

Amene anayambitsa gulupu ya mudzi wathu pa Watsapu ndi mlamu wanga Kubat. Mwamwambo, ine mkazi wa mkulu wake sindiyenera kutchula dzina limeneli, koma poti dziko lonse lalitchula kale, ngakhale anthu amene sanamupatsepo tiyi, ndisiyeni nane ndilitchule. Anayambitsa gulupuyo chaka chimene kampani ina inaloledwa kukumba golide kumtunda kwa mtsinje umene timamwa, ndipo cholinga chake chinali choti tizidziwitsana za misonkhano. Koma anthu akwathu mukuwadziwa. Mwezi usanathe munali mutadzaza nkhosa zosowa, zithunzi za zidzukulu, madalitso a Lachisanu, ndi amayi awiri amene ankatukwanizana za mpanda. Oyamba kulankhula m'mawa uliwonse anali a Osmon, akulu awo a malemu apongozi anga aamuna. Iwo zolembalemba sankazifuna. Ankangodina n'kuyamba kulankhula, uthenga umodzi woti ukhoza kutereka mpunga mpaka kupsa iwo asanamalize, ndipo mkati mwake ankatsokomola, kukalipira galu, kenako n'kubwerera ku nkhani ya boma.

Ngakhale munali phokoso lotero, gulupuyo inkagwira ntchito. Kubat akangoti mawa tikumane pa mlatho, anthu ankabwera, ngakhale aja amene moyo wawo wonse sanapondepo pa msonkhano. Abale athu amene akugwira maganyu ku Moscow, kuphatikizapo mwamuna wanga, ankatsatira zonse ali komweko, ndipo ankakalipa kuposa ife amene tinali pafupi ndi zibonga za apolisi. Mnzake wa Kubat wa kusukulu, Meerim, mwana wa m'mudzi mwathu momwemo amene anakakhazikika ku Bishkek, likulu la dziko lathu, anali ndi tsamba pa Insitagiramu lotsatiridwa ndi anthu ambiri. Zimene Kubat ankajambula, Meerim ankaziponya pamenepo, ndipo mudzi wathu, umene ngakhale dalaivala wa basi ankauiwala, unayamba kutchulidwa m'dziko lonse.

Apongozi anga, amayi Burul, nyengo yotentha ankakhala kubusa kumapiri ndi mahatchi awo aakazi. Kumeneko netiweki imapezeka pa kaphiri kamodzi kokha, ndipo tsiku lililonse akatha kukama mahatchiwo masana ankakwera pamenepo ndi foni yawo. Ankati ukangofika pamwamba foni imachita kunjenjemera m'manja ngati mwanankhuku, mauthenga akukhuthuka. Ankamvetsera onse, ngakhale a a Osmon, akufunafuna mawu a mwana wawo. Akawapeza ankayankha pa gulupu pomwepo, mudzi wonse ukumva: "Kubat, wavala chipewa? Dzuwa la pa mlatho si lamasewera." Mwamuna wa ndevu zake, wotsogolera anthu, n'kumafunsidwa za chipewa! Anyamata ankamuseka nazo mpaka kutopa. Tsiku lina amayiwo anadandaula kuti palibe amene amawamvetsera, ndiye Kubat anawaphunzitsa podina kuti aziona mayina a anthu onse amene atsegula uthenga wawo.

Tsiku limene ndikunenali tinali titatseka msewu pa mlatho kuti malole a kampani asakwere. Ine ndinangopita kukasiya tiyi ndi boorsok, timandasi tathu tija, chifukwa anyamata anali atafika pamenepo kusanache. Ndikuti ndizibwerera, Kubat anandiitana. Foni yake inali itatha moto.

"Alamu, kwerani pa gombe apo mujambule," anatero. "Koma lero mujambule anthu, osati mapazi anu ngati tsiku lija."

Ndinamuuza kuti akandinyozanso akadya miyala, iye n'kuseka n'kubwerera pakati pa msewu. Mawu athu omaliza ndi amenewo, ndipo ndimakwiya ndikawakumbukira.

Ndinajambula. Lole yoyamba inafika n'kuima, anthu ali mbuu patsogolo pake. Mlonda wina wa kampani anatsika, n'kuyang'ana anthu, n'kuyang'ana dalaivala, kenako anakweza dzanja kumuuza kuti apite. Lole inayamba kuyenda pang'onopang'ono. Anthu anathawira m'mbali, koma Kubat sanasunthe, chifukwa ankakhulupirira kuti palibe munthu angachite chinthu chotero foni ikumuyang'ana. Lole sinaime. Ena onse amene anali ndi mafoni anali akuthawa kapena kugwa, moti dzanja la mlonda lija linagwidwa ndi foni imodzi yokha, yanga. Sindikudziwa chifukwa chake sindinasiye kujambula. Manja anangouma.

Kubat anatsirizika pomwepo, galimoto yoti imutengere kuchipatala isanatembenuke n'komwe. Dalaivala ndi alonda anathawira kumbuyo kwa apolisi ochepa amene analipo, ndipo apolisiwo nawo anali ndi mantha, ankangoimba mafoni. Amuna anamunyamula Kubat n'kumufunditsa chikhoti cha a Osmon. Ndili kakasi pa gombe paja, Meerim, amene anali atabwera kuchokera ku Bishkek kudzatseka nafe msewu, anandipeza, nkhope yonse fumbi ndi misozi.

Anati ndimupatse kanemayo nthawi yomweyo. Analankhula mwachangu koma zomveka: apolisi ndi ochepa panopa, koma pofika madzulo adzabwera odzaza malole. Kanemayo akatuluka tsopano, midzi yonse ya m'chigwa ndi anthu a kuboma adzadzaza msewu iwo asanafike, atolankhani adzanyamuka, ndipo palibe adzayerekeze kukhudza munthu. Tikachedwa, a kampani adzayamba ndiwo kulankhula, ndipo pa foni woyamba kulankhula ndiye amakhulupiriridwa.

A Osmon anali atafika kumbuyo kwake, ali ndi malaya okha, mphepo ikuwawomba.

"Mwanawe," anatero, "mayi ake sanamve."

Palibe amene anafunika kufotokozeredwa. Kwathu imfa sinenedwa pa foni, ndipo sinenedwa ndi aliyense wongodutsa. Akuluakulu amapita okha, amakhala pansi, amayamba ndi nkhani zina, akazi atakhala mbali iyi ndi iyi kuti amugwire mwini maliroyo akamagwa. Mpaka iye atamva, ena onse amatseka pakamwa, ngakhale misozi amaimeza. Ndipo tonse tinkadziwa kumene amayi Burul adzakhale masana amenewo: pa kaphiri kaja, okhaokha, phompho lili pambali, foni ili m'manja.

Meerim anati tiwachotse pa gulupu kwa lero lokha. A Osmon anamufunsa ngati akuganiza kuti mayi amene wachotsedwa pa gulupu ya mwana wake angaganize kuti kuli ukwati. Komanso tsamba la Meerim amayiwo ankalitsatira, ndi abusa ena onse a kumapiriko ankakwera kaphiri komweko.

"Tipite tikawauze kaye," anatero a Osmon. "Zinazo tidzachita tikabwera. Mlandu suola."

"Pa foni umaola, agogo," anayankha Meerim. "Pofika madzulo ukhala utanunkha. Kubat akanakhala kuti ndi amene wajambula, akanaponya kale. Mukumudziwa."

Zinali zoona, ndipo a Osmon sanatsutse. Anangondiyang'ana, Meerim nayenso n'kundiyang'ana, chifukwa foni inali yanga. Anthu a ku Bishkek amene lero amandilembera kundiuza zimene ndikanachita, ndimafuna akanaima pa gombe paja. Ine ndinkawadziwa apongozi anga. Ndi amene anandigwira dzanja pamene ndinkabereka mwana wanga woyamba, mwamuna wanga ali kutali. Ndinawaona m'maganizo akutsegula kanemayo akumwetulira, akuyembekeza kuona ngati mwana wawo wavala chipewa. Ndinatenga foni n'kuilowetsa pachifuwa, mkati mwa diresi.

Meerim anandigwira mapewa n'kundigwedeza, akuti, "Achemwali, mukumuphanso kachiwiri." Kenako anakhala pansi pa fumbi n'kulira. Koma taonani, tsamba linali lake, zala zinali zake, akanatha kulemba nkhaniyo ngakhale popanda kanema. Sanalembe. Nayenso ndi mwana wa kwathu, anayamwa mwambo womwewo.

Uthenga unayenda pakamwa ndi pakamwa, ena akuimbirana mafoni mmodzimmodzi mpaka ku Moscow: pasapezeke woponya kanthu pa gulupu, ngakhale kadontho, mpaka a Osmon atalankhula. Kumeneko amuna a m'mudzi mwathu anasiya ntchito kupita kukamuuza mwamuna wanga pamaso. Ndinkaganiza kuti sizitheka, kuti wina adzalephera kudzigwira. Anthu amene sankatha kuona mbuzi ikutsokomola osauza mudzi wonse! Koma anamvera onse. Gulupu inangoti zii.

Tinanyamuka atatu, a Osmon, mkulu wina wa kumzikiti amene ankayendetsa galimoto, ndi ine woti ndikawagwire amayi akamagwa. Ulendo wa kubusa ndi wautali, galimoto imathera pamene msewu wathera, kwinako ndi pa hatchi. M'njira monse a Osmon ankayeserera mawu oti akanene, akunong'ona, n'kumalakwitsa, n'kuyambiranso. Ine foni inkandiotcha pachifuwa. Ndinkaopa kuikhudza, ngati kuti Kubat ali mkati mwake akadali chiimire pamsewu, akudikira lole.

Pakamwa pa chigwa pali malo omaliza pamene netiweki imagwira. Tikudutsa pamenepo, mafoni onse atatu analira kamodzi, limodzi. A Osmon anatsegula asanaganize, ndipo mawu a apongozi anga anadzaza m'galimoto, mphepo ikuwomba kumbuyo kwawo.

"Kodi lero kwagwanji? Kapena ndi foni yangayi yawonongeka? A Osmon, mwadwala? Nanga enanu, mpanda uja mwagwirizana?" Anaseka pang'ono. "Kubat, ukamva unene kanthu, ndione ngati ikugwira."

Chala cha a Osmon chinapita chokha podina kuti ayankhe, mwa chizolowezi, ndipo ndinawagwira dzanja. Anandiyang'ana ngati mwana amene walandidwa chakudya. Woyendetsa anaimitsa galimoto, sindikudziwa chifukwa chake, ndipo tinakhala pamenepo duu, aliyense, ngakhale ine, atatsegula uthengawo pa foni yake. Palibe amene anayankha. Ndinadziwa kuti nthawi yomweyo m'mudzi monse, pa mlatho, m'makhichini, ku Moscow pamalo omanga nyumba, anthu akumvetsera mawu omwewo atagwira pakamwa.

Patapita kanthawi unabwera uthenga wachiwiri, waufupi. Munalibe mawu. Munali mphepo ya pa kaphiri paja, ndi munthu akupuma. Uthenga umenewo ndimaumvabe mpaka lero, ndikamatsuka mbale, ndikakhala m'basi, popanda foni pafupi. Woyendetsa analiza galimoto, tinalowa m'chigwa, netiweki n'kutha.

Tinafika kubusa dzuwa litapendeka. Mwamwambo sitinayenere kuthamanga, ndiye mahatchi amene tinabwereka pamene msewu unathera tinawayendetsa pang'onopang'ono ngati anthu ongocheza. Ndinayembekeza kuwapeza amayi ali kokama. Koma mahatchi awo anali atawatenga kale mayi wina wa pafupi, katundu anali atamangidwa pakhomo, ndipo hatchi yawo yokwera inali ndi chishalo. M'nyumba yawo ya ubweya anali atayala nsalu yodyerapo, mkate ataudula, tiyi ali pamoto. Iwo anali atakhala mowongoka, mpango woyera kumutu, manja ali pa mawondo.

Anatilonjera bwinobwino. Anandiuza kuti ndithire tiyi, monga mkamwana amachitira, ndipo ndinathira, kenako ndinakakhala pafupi nawo. A Osmon anayamba. Anafunsa za msipu, amayi anayankha kuti ndi wabwino. Anafunsa za mvula. Anayamba kunena kuti ngakhale mtengo waukulu umagwa, kuti ngakhale aneneri sanakhalitse padziko, kenako anasochera n'kubwerera ku msipu. Munthu amene ankalankhula osapuma m'mawa uliwonse, tsiku limenelo mawu anamuthawa. Amayi anawasiya azungulire, osawadula, maso ali pa nsalu. Atabwerera ku msipu kachitatu ndi pamene anadzutsa mutu.

"Nenani, alamu," anatero motsitsa. "Ndazisenza kuyambira masana. Sindingalire musananene."

A Osmon anavula chipewa chawo. "Kubat watisiya, mlamu. Limbani mtima."

Ndinawagwira. Kulira kumene kunatuluka mwa mayi wamng'ono thupi ameneyo kunathamangitsa mahatchi panja. Anatembenukira kukhoma monga akazi athu amachitira, akumuitana mwana wawo ndi mayina onse a paubwana wake, ndipo ine, amene ndinali nditameza misozi kuyambira m'mawa, ndinalira nawo mpaka mawu anatha. Akazi a m'nyumba zapafupi anabwera akuthamanga.

Atatopa anapempha madzi, anasukusula, n'kunena kuti tizipita, mwana asagone yekha. Ndikuwathandiza kumanga mpango wakuda ndinawafunsa kuti anawauza ndani. Ndinali nditakonzeka kale kumuzonda munthu ameneyo.

"Nonsenu," anayankha. "Ndinadina paja anandiphunzitsa. Mayina anabwera, mudzi wonse, mpaka a ku Moscow, aliyense wamva. Dzina limodzi lokha ndi limene panalibe. Anthu athu amakhala chete pa chinthu chimodzi chokha, mwanawanga."

Anatsika kaphiriko okha, anatero, atagwira miyala. Sanauze munthu. Anangopereka mahatchi kwa mnzawo, n'kuyamba kudula mkate wa alendo.

Njira yobwerera imadutsa m'tsinde mwa kaphiri komweko. Titafika pamenepo anaimitsa hatchi n'kufunsa mmene zinachitikira. A Osmon anayamba kutafuna mawu, koma amayiwo anali akuyang'ana ine. Ndinawauza za lole, za dzanja la mlonda, ndi kuti ndinajambula zonse. Anafunsa ngati dziko laona. Ndinati ayi, tinadikira kuti iwo amve kaye. Anatsika pa hatchi n'kuyamba kukwera kaphiri, ine ndikuwatsatira, amuna aja atatsala pansi.

Pamwamba foni yanga inayamba kulira. Onse anali mauthenga a Meerim, kwa ine ndekha. Apolisi anali atafika odzaza malole, monga ananenera. Pa mlatho panali anthu a m'mudzi mwathu okha, opanda wowathandiza, ndipo anawabalalitsa mosavuta, anyamata ena n'kuwatenga. Malole a kampani anali akudutsa. Ndipo masamba angapo anali ataponya kale nkhani yoti mnyamata wina woledzera anadzandira n'kugwera kunsi kwa lole. Anthu osamudziwa anali atalemba pansi pake kuti akumidzi ndi mowa salekana, ena akuika tinkhope toseka. Kubat, amene mowa sankaufuna ngakhale pa ukwati! Ndinafuna kubisa, koma amayi anati ndiwerenge mokweza, ndipo ndinawerenga zonse.

Kuchokera pa kaphiri paja chigwa chimaoneka mpaka kumunsi. Fumbi la malole linali likukwera kulowera ku mtsinje, mzere wautali, osaduka.

"Ndiye munatseka pakamwa mudzi wonse kuti ine ndisamve," anatero amayi. "Ine n'kumva ndithu. Amene sanamve ndi dziko."

Sananene mokalipa, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka kwambiri. Ndinati tinkaopa kuti angaone okha, pamalo pano, popanda wowagwira. Anagwedeza mutu, n'kundisisita patsaya, kenako anatambasula dzanja.

"Bweretsa ndione."

Ndinawachonderera kuti asatero. Ndinati ndimutumiza kwa Meerim iwo osaona, kuti si chinthu choti mayi aone. Dzanja lawo silinabwerere. Anati ngati anthu oseka aja adzamuone mwana wawo akufa, iwo sangakhale omaliza. Ndinawapatsa, n'kufuna kuwagwira mkono, koma anandichotsa n'kuima patali pang'ono. Choncho chinthu chimene mudzi wonse unadzimana mawu tsiku lonse kuti chisachitike, chinachitika ine ndikuona: amayi Burul anaonera imfa ya mwana wawo pa foni, pa kaphiri paja, ataimirira okha. Ndinamva mawu a Kubat akuuza anthu kuti asathawe. Ndinamva injini. Ndinamva mawu anga omwe, amene sindinkadziwa kuti ndinakuwa. Amayi sanatseke maso mpaka kanema anatha.

"Nditumize podina pati?" anafunsa.

Ndinawaonetsa dzina la Meerim, ndipo anadina okha. Kanema anali wamkulu, netiweki yochepa, kanthu kozungulira kaja kankangoyenda pang'ono n'kuima. Anakweza foni m'mwamba monga aliyense amachitira pamenepo. Mkono utatopa, anauchirikiza ndi dzanja linalo. A Osmon anaitana pansi kuti dzuwa likupita, njira ndi yaitali, mwana akudikira. Ndinati andipatse ndiwagwirireko.

"Ayi," anatero, maso ali pa fumbi lija. "Mwandigwirira kale zambiri lero."